Chitedze cha M'nyanja ya Mchere

Ndinanyamuka ku Nsefu mvula yoyamba itangogwa, fumbi litagona koma matope asanayambe kugwira matayala. Mlamu wanga anabwera ndi njinga yamoto kuti akandisiye ku Mfuwe, ndipo mkazi wanga, amake Tisa, anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Kumbuyo kwawo kunali nkhokwe yathu, kapena ndingoti zotsala zake. Njovu zinaigumula mu Okutobala n'kudya chimanga cha chaka chonse ngati zaitanidwa ku ukwati. Tsono ine ntchito yanga ndi yoyenda wapansi ndi alendo m'paki, kuwaonetsa njovu zomwezo n'kumazitamanda kuti n'zanzeru. Chaka chimenecho ndinkazitamanda ndikukukuta mano.

Kampu imene ndimagwirako imatsekedwa mvula ikayamba mpaka Meyi, ndipo miyezi imeneyo timadya za m'nkhokwe. Tsopano nkhokweyo panalibe. Amene anandipatsa pogwira ndi Dona Celeste, mayi a ku Mozambique amene ndinayenda nawo m'tchire mu Ogasiti. Ali ndi kaloji m'mbali mwa nyanja ya mchere, kum'mawa kwa Nampula, ndipo nditawadandaulira pafoni sanazungulire. Anati ndipite, ndikaphunzire masiku ochepa, kenako ndikatsogolere alendo awo kuyenda pagombe madzi akaphwa. Alendowo akabwerako okondwa komanso opanda bala, ndikhala mpaka Meyi. Zikakanika ndibwerera kwathu, ndipo sitidana. Ndalama ya ulendo inachokera m'khola la mbuzi, choncho kubwerera chimanjamanja kunali kutaya nkhokwe ndi mbuzi zomwe.

"Nanga mabayinokulawo mwatengeranji, atate ake Tisa?" anafunsa mkazi wanga ataona ndawakoloweka m'khosi. "Kunyanjako kuli mikango?"

"Munthu sasiya maso ake kunyumba," ndinayankha.

"Bola mukabwere nawo onse awiri," anatero, osaseka.

Pa Mfuwe kondakitala ankakuwa kuti, "Chipata wani fifite, tinyamuka manje manje!" Manje manje wakeyo, ndiye kuti pompano, anatha dzuwa lili pamutu. Tinadutsa pa boma la Mambwe, njinga zili ndawala m'mbali mwa msewu, ina feteleza, ina nkhuku, ina banja lonse. Pafupi nane panakhala mdala wina wa ku Kawaza ndi thumba la nsomba zouma limene linkatinunkhira tonse mwachilungamo. Atamva kumene ndikupita, anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka chipewa.

"Mudziwa kusambira, baba?"

"M'Luangwa asambira ndani? Mufuna ng'ona zindithokoze?"

"Nanga kunyanja mukatani?"

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," ndinatero modzitama.

"Izo n'zoona," anavomera mdalayo. "Koma imwe sindimwe mwana wa ng'ona. Ndimwe ndiwo zake."

Minibasi yonse inaseka, ine ndinasekera nawo pamwamba chabe.

Ndinagona kwa msuweni ku Chipata, m'mawa n'kukwera takisi yogawana mpaka pa Mwami. Titadinditsa mapasipoti, ndinapeza minibasi ya ku Lilongwe pa Mchinji. Ku Malawi ndinangotsegula pakamwa kufunsa mtengo wa chipisi cha pachiwaya, wogulitsa n'kuti, "Achimwene ndinu a ku Zambia, eti?" Ndiye kuti chilankhulo chathu cha kuchigwa chimamveka ngakhale munthu utachivalira jekete. Tsiku lotsatira basi inanditsitsa ku Mangochi, kenako galimoto ya matola inakwera nafe mapiri a ku Namwera ikulira ngati ng'ombe yokana goli, mpaka pa Chiponde. Pakati pa chipata cha Malawi ndi cha Mozambique pali kamtunda ndithu, ndipo wakabaza ananditenga pamodzi ndi chikwama changa, akupalasa uku akundiphunzitsa moni wa Chipwitikizi. Pa Mandimba ndinakwera chapa, ndiyo minibasi yawo kumeneko, ya ku Cuamba. Inasiyana ndi zathu pa dzina pokha.

Sitima ya ku Nampula inanyamuka pa Cuamba kukucha. Ndinagula tikiti ya kalasi yachiwiri kuti ndipeze pokhala powerengera, chifukwa ndinali nditabwereka ku kampu buku la zamoyo za m'nyanja limene mlendo wina anasiya. Kuwerengako kunavuta. Sitima ikaima pa siteshoni, msika wonse unkathamangira pa mawindo, ndipo mayi amene anakhala moyang'anana nane ankagula chilichonse. Anyezi, karoti, adyo, chinangwa, zonse ankandisungitsa pamiyendo akumwetulira, poti Chipwitikizi changa chinathera pa moni. Ndinawerenga buku lili pamwamba pa kabichi. Kunja kunali mapiri a mwala umodzi, osalala ngati mitu yometa.

Bukulo linandizunguza mutu. Kwathu nyama imadziwika: ili ndi mapazi, imasiya ndowe, ukaiyandikira imathawa kapena kukuthamangitsa. Umu munali maluwa otchedwa nyama, nthambi zotchedwa nyama, ngakhale kathumba kabuluu kofufuma ankati ndi nyama. Panali tsamba la zina zotchedwa haidiroidi, zooneka ngati nthenga, ndipo analemba kuti zina zimaluma. Pachithunzi nthenga imodzi inadzaza tsamba lonse, choncho ndinaganiza kuti ndi chinthu chachikulu ngati tsamba la nthochi, choti munthu n'kuchionera patali n'kuchilambalala. Ndinatseka buku mtima uli m'malo.

Ku Nampula ndinagona m'kanyumba ka alendo pafupi ndi siteshoni, m'mawa n'kukwera chapa ina ya kugombe. Tinadutsa m'minda ya kashu ndi ya kokonati, mpweya ukusanduka wonyowa ndi wamchere. Masana dalaivala ananditsitsa pa chipata cha loji n'kuloza kutsogolo. Ndinathamanga ndi chikwama kuti ndikaone nyanja imene ndinkangoimva. Ndinapeza mchenga, miyala ndi mabwato atagona chammbali, madzi akunyezimira kutali kwambiri.

Mtima unagwa. Ndinati basi, ndafika chaka cha chilala, nyanja yaphwa ngati Luangwa mu Okutobala, ndipo ntchito yaphwera limodzi. Kumbuyo kwanga munthu anaseka mpaka kutsokomola. Anali mayi wachikulire, nkhope atapaka zoyera monga amachitira akazi kumeneko, m'manja muli kachitsulo kosongoka ndi ndowa.

"Musalire, achimwene," anatero m'Chinyanja. "Yapita kukatenga zinzake. Sikisitini koloko muipeza pano pamene mwaimapa."

Amenewa anali Mama Atija. Anakwatiwapo ku Mandimba, n'chifukwa chake ankalankhula chathu, ndipo ntchito yawo ndi yokola okutopasi, chinyama cha miyendo isanu ndi itatu chobisala m'mapanga a miyala. Dona Celeste anandilandira bwino n'kundipereka m'manja mwawo kuti andiphunzitse. Madzulo nyanja inabweradi, mabwato onse n'kudzuka. Ndinaimirira pamenepo kukamwa kuli yasa, munthu wamkulu wa ana atatu.

Masiku otsatira tinkatsika m'mawa madzi akamachoka. Tsiku loyamba ndinkayenda motalikira thamanda lililonse, ndikucheukacheuka, chifukwa kwathu woima m'mphepete mwa madzi amakhala watsanzika kale. Mama Atija anandiuza kuti ng'ona kulibe, ine n'kuvomera ndi pakamwa, miyendo osavomera. Pang'onopang'ono ndinazolowera. Anandionetsa kaduwa kofewa ka pamwala kamene ukakakhudza ndi kamtengo kamadzitseka, n'kuti kameneko kamadya tinsomba. Anandionetsa kathumba kabuluu kaja katagona pamchenga ndi chingwe chake chachitali, n'kundichenjeza kuti kamaluma ngakhale katafa. Panali tinungu ta m'madzi takuda tokhala ndi minga, ndi nkhanu zothamanga chammbali. Usiku usanagwe ndinkafufuza mayina ake m'buku, ndipo ndinayamba kumva ngati nyanja ndaigwira mchira.

Kudzimva kumeneko n'kumene kunandipweteketsa. Kutatsala tsiku limodzi kuti ndiyesedwe, ndinatsogola ndekha Mama Atija ali kalikiliki ndi okutopasi. Pansi pa thanthwe lina, pamene madzi ankayenderera, ndinaona timitengo toyera, tatifupi ngati chala, tokongola ngati nthenga za nkhunda. Kwathu woyendetsa alendo akapeza chomera chachilendo safunsa munthu. Amathyola tsamba, kulifikisa ndi zala, n'kununkhiza. Dzanja langa lachita zimenezi zaka zambiri moti silipempha chilolezo ku mutu. Ndinathyola kanthenga kamodzi, ndinafikisa, ndinapititsa kumphuno.

Amene anadutsapo m'chitedze atavula malaya andimvetsa. Kuli chitedze, ndiye kuli ichi. Zala zinayaka, mlomo wam'mwamba unayaka, mphuno inayaka, ndipo ndinakuwa m'Chikunda mawu amene sindingawalembe pano. Mama Atija anabwera akuthamanga n'kundigwira dzanja ndisanayambe kukanda.

"Osakanda! Osathira madzi akumwa! A m'nyanja omwewa." Ananditsuka, akupukusa mutu. "Inu achimwene, nyama mumainunkhiza? Kwanuko mkango mumaununkhizanso?"

"Ndimayesa chomera," ndinatero, mawu akutuluka mokhota.

"Safunsa anadya phula."

Kukhitchini anandithira viniga, koma pofika masana mlomo unali utatupa ngati wa mvuu. Dona Celeste anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti alendo amene ndiyende nawo akuchoka mkuja, ndiye tsiku ndi mawa lokha, koma iwo sakudziwa ngati angapereke anthu kwa munthu amene wayamba ndi kudzivulaza yekha. Ndinawapempha kuti asasinthe. Anati chabwino, koma nawo adzatsatira pambuyo. Ndinapita kukakhala kuseri kwa khitchini, manyazi ndi mantha zikulimbirana malo. Ndinkaona nkhope ya amake Tisa, ndi khola lopanda mbuzi.

Mama Atija anandipeza komweko. Madzi asanabwerere, anali atatola kamwala kokhala ndi nthenga zija n'kukaika m'botolo la jamu lodzaza madzi a m'nyanja. Analiika pa benchi pambali panga.

"Mdani wanu uyu. Mudziweni nkhope."

Ndinayang'ana, sindinaone nkhope iliyonse. Nthenga basi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti chithunzi cha m'buku chija anachita kuchikulitsa. Ndipo kukulitsa zinthu ndi ntchito imene ndimaidziwa. M'tchire mikango ikasowa, alendo timawasangalatsa ndi nyerere ndi maluwa a udzu: timatembenuza mabayinokula, diso kuika ku galasi lalikulu, galasi laling'ono kuliyandikiza pa chinthucho, kanyerere n'kuoneka ngati galu. Ndinatero pa botololo. Poyamba ndinangoona nthambi zokhala ndi timakapu m'mizere. Ndinakhala chete osagwedeza benchi, monga timakhalira podikira nyalugwe kuti atsike mumtengo. Patapita nthawi, m'kakapu kamodzi munatuluka tizala. Kenako kena, kenako mzere wonse. Nthenga imodzi inali mudzi wathunthu wa tinyama, kalikonse ndi pakamwa pake, tonse titatambasula manja kudikira chakudya.

Ndinapatsa Mama Atija kuti aone. Anaika diso, kenako anaomba m'manja. "Zaka zonsezi zikundiluma, kani zili ndi manja!" Tinaseka awiri ngati ana, ine ndikusekera mbali imodzi. Madzulo tinakabweza kamwalako m'madzi.

M'mawa mwake alendo anali awiri, banja lachikulire la ku Ulaya: mayi odekha ndi amuna awo aatali osakhazikika, a mtundu uja wofuna kugwira chilichonse. Ndinawaimika pamchenga n'kuwauza malamulo monga ndimachitira kwathu. Tiyenda mzere umodzi, Mama Atija patsogolo ndi kachitsulo kawo ngati sikauti wa m'paki ndi mfuti yake, ine pambuyo pawo, ndipo ndikakweza dzanja aliyense aime pomwepo. Bambo aja ankangoyang'ana mlomo wanga, ulemu ukuwaletsa kufunsa. Dona Celeste ankabwera kumbuyo.

Tinaona kaduwa kodzitseka, tinungu, ndi okutopasi amene anasintha mtundu tikumuona. Zinkayenda bwino, koma ndinkadziwa kuti zimenezi aliyense wa pagombepo akanawaonetsa. Titafika pa thanthwe lija ndinatembenuka kuti ndithandize mayi aja kudumpha kamadzi, ndipo pocheuka ndinaona bambo awerama, dzanja likulowera pa nthenga zoyera.

Ndinakweza dzanja n'kuwomba chala, monga ndimachitira tikatulukira njati. Anaima zala zitatsala pang'ono kukhudza.

"N'kaudzu chabe," anatero.

"Inenso ndinatero dzulo, bwana," ndinayankha, n'kuloza mlomo.

Akazi awo anaseka mpaka kugwira mwala. Ndinawauza nkhani yonse, yofikisa ndi yonunkhiza, osabisa kanthu, n'kuwauza kuti m'mabuku amati haidiroidi koma ine ndachitcha chitedze cha m'nyanja. Ndinawaonetsa kusiyana kwake ndi ndere zimene zinali pafupi. Ndere n'zoterera ndi zofooka, ndipo zimayala padzuwa chifukwa chomera chimafuna kuwala. Nthengazi zili ndi kamsana kolimba, nthambi zake n'zondandalikana bwino mbali zonse ziwiri, ndipo zinaima pamene madzi amadutsa, monga msodzi amatchera mono, poti zikudikira chakudya. Bambo aja anagwedeza mutu mwaulemu, koma ndinaona kuti sanakhulupirire kuti nthenga ingakhale nyama.

Mama Atija anakola kamwala kena ndi chitsulo chawo n'kukalowetsa m'botolo. Ndinaliika pamwala wosalala, ndinatembenuza mabayinokula, n'kupatsa bambowo. Anayang'ana n'kuti sakuona kanthu. Ndinayang'ana nanenso. Tinyama tonse tinali titabisala chifukwa cha kugwedezeka.

"Tikhale pansi, tidikire," ndinatero.

Tinakhala. Dzuwa linkawotcha, bambo ankayang'ana wotchi, ndipo kutali ndinaona mzere woyera wa madzi ukubwerera. Mama Atija anandinong'oneza kuti, "Achimwene, nyanja sidikira mlendo." Ndinayang'ananso, palibe. Thukuta linkalowa pa chilonda cha pamlomo. Dona Celeste anali atapinda manja. Mumtima ndinkapempha tinyamato ngati munthu wopempha amfumu: dzulo munandiluma, lero ndilipireni. Bambo anayamba kudzuka, n'kuti mwina tiyese tsiku lina.

"Kwathu timati kuona maso a nkhono n'kudekha," ndinatero, n'kuwamasulira. "Ndipatseni kanthawi kochepa. Musagwedeze mwendo."

Akazi awo anawakoka malaya, iwo n'kukhalanso. Madzi anayamba kulowa m'thamanda la kumunsi kwathu. Ndinaika diso kachitatu, ndipo kakapu kamodzi kanatulutsa tizala. Ndinapereka mabayinokula pang'onopang'ono.

Bambo aja anayang'ana. Anayandikiza diso pagalasi. Kenako anafuula ngati mwana kuti zikuyenda, zili ndi manja, zonse zikuyenda! Anaitana akazi awo, akazi awo anaitana Dona Celeste, ndipo anayamba kulimbirana mabayinokula anga. Dona Celeste, amene anabadwira pagombe lomwelo, anagwada pamwala ndi diresi lawo labwino n'kukana kudzuka. Tinachita kuwakoka madzi atafika m'akakolo. Ndinabweza kamwalako pamalo pake, nthenga zitaloza kumene zinaloza poyamba, ndipo tinabwerera tikuthamanga m'madzi, tonse tikuseka. Ine wa ku Nsefu, madzi m'miyendo, osacheuka n'kamodzi komwe kufuna ng'ona.

Titafika pamchenga wouma, bambo aja anandigwira chanza ndi manja awiri n'kunena kuti ayenda m'magombe ambiri, koma nyama yaing'ono chotere sanaidikirepo. Atapita kukasamba, Dona Celeste anandiyang'ana pamlomo, kenako pa mabayinokula.

"Chipinda chija mukugonamo ndi chanu mpaka Meyi," anatero. "Koma pagombe langa musanunkhizenso kanthu."

Ndinasangalala moti ndinakhala pansi pamchenga pomwepo. Ulendo wonse ndinkaopa kuti zimene ndimadziwa zathera m'chigwa cha Luangwa. Zina zinatheradi komweko, ndipo mboni ndi mlomo wanga. Koma kukhala chete n'kudikira kuti chamoyo chidzionetse chokha, zimenezo zinawoloka nane malire onse awiri.

Ndinayenda mpaka pa mtengo wa kokonati pamene foni imagwira, n'kuimbira kunyumba.

"Amake Tisa, mwaswera bwanji? Uzani amisiri ayambe kuumba njerwa. Nkhokwe ya chaka chino ikhala ya simenti, njovu zikabwera zikathyokere minyanga pomwepo."



"Atate ake Tisa, bwanji mulankhula chonchi? Mwamwa?"

"Iyayi. Ndalumidwa ndi nthenga."

"Ndiye kuti mwamwa," anatero. Koma asanadule ndinamva foni ikugwera pa mphasa, iwo akuthamangira panja, nthungululu ili pakamwa.